Mwezi Wachisanu ndi Chitatu

Ine ndine Trifan Cebotari wa ku Plopeni. Mkazi wanga Domnica anamwalira mu 1981, nandisiyira khanda, Sanda. Amene anandithandiza kulera ndi mlongo wanga wamkulu, Paraschiva. Makutu anga anathera m'galaja ya mathirakitala, motero pa foni sindimva kanthu. Sanda atapita ku Italy ndi mwamuna wake Ghenadie tinkalemberana, ndipo makalatawo ankanyamula ndi Anatol, wa minibasi ya katundu. Awa ndi a chaka cha 2009. Ndawasanja potsata masiku amene analembedwa, osati amene anafika.

Padova, 20 Seputembala

Atate,

Landirani moni wanga ndi wa Ghenadie. Ife tili bwino, kaya inu ndi azakhali? Bondo lija likuvutabe? M'chikwamamu muli khofi, sopo ndi nsapato. Nsapatozo muzivala, si zoika pamwamba pa kabati kudikira maliro anu.

Ndakhala ndikubisa monga mwa mwambo, koma tsopano ndinene. Ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Musasangalale kwambiri, pali vuto. Atandijambula anapeza kuti khomo la chiberekero ndi lalifupi, ndipo mwana akhoza kubwera masiku asanakwane. Ndikudziwa kuti izi si zolembera bambo, koma mayi ndilibe.

Dokotala wanga ndi mayi wamfupi wolankhula ndi manja. Wandipatsa mankhwala otchedwa pulojesiteroni, kambulu kamodzi tsiku lililonse. Akuti thupi la mkazi limapanga lokha mankhwala amenewa, ndiwo amauza chiberekero kuti chigone, nthawi sinakwane. Akuti amathandizanso kuti nsupa, thumba la madzi limene mwana amakhalamo, isafooke msanga. Ntchito yanga yosamalira okalamba ndasiya, chifukwa kuwanyamula akundiletsa.

Anandifunsa za kubadwa kwanga. Ndinati ndinabadwa wa miyezi isanu ndi iwiri. Anafunsa chimene chinapha amayi, ndinati mtima. Iye amvekere, "Mtima wake unatani?" Zaka pafupifupi makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, sindidziwa chimene mtima wa amayi anga unachita. Ndilembereni zonse, akuzifuna.

Ngati azakhali ali ndi tchizi cha nkhosa, ndikuchilakalaka mpaka kuchilota.

Mwana wanu,
Sanda

Plopeni, 24 Seputembala

Sanda mwana wanga,

Moni kwa iwe ndi Ghenadie. Kalata yako ndaiwerenga kawiri nditakhala pakhonde. Mulungu akusunge ndi amene wamunyamulayo. Umvere dokotala wako.

Kuno takolola mphesa. Zakuda zachita bwino, zoyera zinawola ndi mvula ya mu Ogasiti. Mbiya yaikulu ija yayamba kudontha pansi, ndiye vinyo wa chaka chino ndathira m'ziwiri zing'onozing'ono. Mtengo wa mtedza wa kuseri kwa khola wabala kwambiri, ndakuikira kathumba. Nsapato zandikwana. Bondo lilipo.

Azakhali ako nditawauza analira, kenaka anayamba kuwerenga miyezi pa zala. Tchizi ndi chawo.

Za mayi ako, unali mtima monga ukudziwira. Mapepala a kuchipatala anatayika kalekale.

Undilembere mmene ukumvera.

Atate ako

Padova, 18 Okutobala

Atate,

Moni. Katundu anafika, zikomo. Kalata yanu mphesa zinatenga tsamba lonse, amayi mzere umodzi. Dokotala ndamuuza kuti atate anga amadziwa matenda a mbiya kuposa a mkazi wawo. Sanaseke.

Andijambulanso, khomo lija lafupikirabe. Tsopano ndimangogona. Ghenadie amachoka m'mawa kupita kokamanga, amabwera madzulo atayera ndi simenti, ndipo tsiku lonse ndimakhala ndekha ndi denga. Dokotala akuti sabata iliyonse imene mwana akhale m'kati ndi mphatso, tisawerenge miyezi, tiwerenge masabata. Ndili pa sabata ya 26. Akufuna tifike ngakhale pa 34.

Ndikuopa, Atate. Ndilembereni china chake chosakhala mphesa.

Sanda

Plopeni, 29 Okutobala

Sandica kamwana kanga,

Ndine zakhali wako Paraschiva. Kapepalaka ndakabisa pansi pa chivundikiro cha botolo la jamu kuti gonthi uja asakaone. Uli bwanji? Ukudya? Usamadye masamba okhaokha ngati mbuzi monga amachitira a kumeneko.

Tamvera ine amene ndinakusambitsa tsiku loyamba. Ndawerenga, walowa mwezi wachisanu ndi chiwiri. Aliyense kuno amadziwa kuti mwana wa miyezi isanu ndi iwiri amakhala moyo, wa isanu ndi itatu sakhala. Wa isanu ndi iwiri amatuluka ali ndi mphamvu. Akalephera kutuluka amatopa, ndipo amafunika miyezi iwiri kuti apezenso mphamvu. Ukamupeza pakatipo, wapita. Mwana wa Zamfira anali wa isanu ndi itatu, ali kumanda pafupi ndi mpanda. Amapasa a kwa Ciobanu chimodzimodzi. Nanga iwe? Wa isanu ndi iwiri, unkakwana m'chipewa cha atate ako, lero ndiwe chimkazi chotitumizira khofi.

Tsono madokotala akowo akuti mwanayo safika miyezi isanu ndi inayi. Chabwino. Nanga akumugwiriranji ndi mankhwala? Kuti amukankhire m'mwezi woipawo? Iwo amawerenga masabata, ife tinawerenga manda. Siya timibuluto. Uzikwera masitepe, uzisamba madzi otentha, mwana abwere mwezi wake uno. Madzi akayamba kudontha usathamangire kuchipatala, akakubaya jakisoni womutsekera m'kati. Mayi ako anadontha masiku anayi, ine ndili pambali pake, ndipo iwe unabadwa ukulira ngati mphaka.

Ghenadie usamuuze, amuna sadziwa kanthu. Atate ako ndiye kaya, munthu amene amafunsa nkhuku chilolezo asanatole dzira.

Ndakupsompsona pamphumi.

Zakhali wako

Padova, 8 Novembala

Atate,

Moni. Ndakuikirani kalata ya azakhali m'kati mwa inoyi kuti muiwerenge nokha.

Mankhwala ndinasiya Lachiwiri. Ndinalimbana nazo masiku awiri. Dokotala ndamudziwa miyezi itatu, azakhali anandilera moyo wonse, ndipo umboni wa zimene akunena ndine ndemwe. Ghenadie sakudziwa, timibuluto ndimataya m'chimbudzi.

Lero m'mawa ndadzuka chovala chitanyowa pang'ono. Si kwambiri, kumangodontha ndikatembenuka. Sizikupweteka. Azakhali ndawaimbira, akuti ndi momwemo, ndidikire.

Inu munalipo, Atate. Kodi ndi zoona kuti amayi anadikira masiku anayi ndipo zonse zinayenda bwino? Mukati inde, ndidikira. Anatol afika kwanu Lachiwiri, pezani munthu andiimbire, angonena kuti inde kapena ayi. Kwa nthawi imodzi yokha m'moyo wanu ndiyankheni chimene ndafunsa.

Sanda

Plopeni, 12 Novembala

Sanda mwana wanga,

Sindikudziwa ngati kalatayi ikupeza kunyumba, kuchipatala, kapena kwina kumene sindifuna kutchula. Minibasi ya Anatol inafera ku Hungary, wafika lero Lachinayi m'malo mwa Lachiwiri. Kalata yako ndaitsegula pamsewu pomwepo. Nditawerenga masiku ndinapeza kuti akwana anayi.

Ndinapita kusitolo kwa Ludmila kuti akuimbire. Munali anthu: Zamfira, mphunzitsi wako wakale, ndi amuna atatu akumwa pakauntala. Mmodzi anati, "Taonani a Trifan akufuna foni! Mawa akagula wailesi." Ludmila anati angonena ndi iyeyo uthengawo. Ndinakana. Ayi wochokera kwa Ludmila sakanalemera kuposa inde wa azakhali ako. Anaimba, nandipatsa foni. Sindinamve kalikonse, ngati ndaika njerwa kukhutu. Ndinalankhulabe. Akuti ndinkakuwa mpaka agalu a kutsidya anayamba kuuwa. Nditamaliza palibe amene ankamwanso. Ludmila anatenga foni, namvetsera, nati, "Ndi mwamuna. Wati wamva, wadula."

Sindikudziwa zimene zinakufika, ndiye ndizilembe.

Mayi ako sanafe ndi mtima. Nsupa inayamba kudontha Lolemba m'mawa, mu Novembala ngati muno, akusenda chimanga. Anandiuza kuti, "Trifan, tiye kuchipatala." Thirakitala inali panja, msewu unali matope koma wopitika, ulendo wa ola limodzi. Paraschiva anaima pakhomo nanena zomwe wakulemberazo, kuti akamugwira mpaka mwezi woipa. Amayi anga anavomereza. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndinali nditaphunzira kuposa onse m'nyumbamo, ndipo ndinakhala chete. Namwino wa m'mudzi ankakhala nyumba yachisanu kuchokera kwathu. Sindinapiteko.

Lachitatu anayamba kunjenjemera. Tinamufunditsa zikopa za nkhosa. Lachinayi madzi aja anayamba kununkha. Iwe unabadwa madzulo a tsiku lomwelo, ndipo ndi zoona kuti unalira. Pamenepo m'pamene ndinaliza thirakitala. Dokotala wa kuboma atamuyeza anatuluka nandifunsa kuti, "Nsupa inasweka liti?" Nditamuuza anati, "Nsupa ndi chitseko, bambo. Ikang'ambika, tizilombo timalowa. Mwasiya chitseko chotsegula masiku anayi." Matendawo anali atalowa kale m'magazi. Anakhala masiku asanu ndi anayi.

Mapepala sanatayike. Ali m'bokosi la zida, pansi pa masipanala.

Pochoka kusitolo ndinapeza azakhali ako pachipata, nkhani itawapeza kale. Anakuwira m'khutu langa lakumanzere, limene limamvako pang'ono: "Wandivula pamaso pa mudzi, galu iwe! Ndani anakupulumutsira mwana?" Ndinati, "Mwana anapulumuka. Nanga Domnica?" Anati, "Inali nthawi yake." Ndinati, "Inali nthawi yathu, achemwali, masiku anayi athunthu." Anandiponyera makiyi a m'chipinda cha vinyo, napita kwawo.

Ukanakhala kuti unamva zoona mu Seputembala, kalata yawo ukanaiseka. Unandifunsa kawiri. Mlandu umenewo ndi wanga.

Wina andilembere.

Atate ako

Padova, 15 Novembala

Apongozi,

Ndine Ghenadie. Moni, ndipo pepani zolemba zanga, dzanja linazolowera chipande cha simenti.

Foni ija ndinayankha ndine. Kunagwa mvula, kuntchito anatibweza masana. Ndinamva munthu akukuwa, ndinayesa woledzera wasokoneza nambala, mpaka munatchula dzina la Domnica. Ndinakweza mawu a foni n'kuiika pabedi. Sanda anamva zonse kuyambira pa chimanga. Ine ndinkati, "Apongozi, tamva, tamva," inu osaleka. Ndinadula kuti ndiitane galimoto.

Kuchipatala anapeza kuti nsupa yang'ambika pang'ono cham'mwamba, madzi atsala ochepa koma alipo. Thupi linali lisanatenthe, koma magazi anasonyeza kuti tizilombo tayamba. Akumupatsa mankhwala opha tizilombo, ndiponso anamubaya majakisoni awiri okhwimitsa mapapo a mwana. Dokotala wamfupi uja anakalipa m'Chitaliyana chimene sindinachimvepo ngakhale kwa kapitawo wathu.

Ndinamufunsa ngati kusiya timibulu tija ndiko kwang'amba nsupa. Anati palibe angalumbire, mwina ikanang'ambikabe. Anati mankhwalawo amathandiza nsupa isanang'ambike, koma yong'ambika saisoka. Tsopano chatsala n'kudikira, akumuyeza kutentha kanayi pa tsiku. Kukangokwera, amuchotsa mwanayo tsiku lomwelo. Tili pa sabata ya 30.

Sanda akuti musamudikire kalata panopa. Ndamuuza kuti ndi atate ako, wati akudziwa. Za azakhali ndisalembe, ndingachimwe.

Mkamwini wanu,
Ghenadie

Plopeni, 26 Novembala

Ghenadie mwana wanga,

Moni, ndipo zikomo. Zolemba zako zikuwerengeka bwino. Anatol wabwera kawiri wopanda kalata. Ndimamudikira pamphambano, akangondiona amapukusa mutu asanaime n'komwe.

Sindikupempha kuti Sanda andilembere. Iwe ungondiuza nambala ya sabata ndi kutentha kwa thupi lake, mizere iwiri yakwana.

Paraschiva sakundilankhula. Ludmila akuti amapita kutchalitchi m'mawa uliwonse, ndipo amauza aliyense kuti pa 1 Disembala mwezi wachisanu ndi chitatu ulowa, tidzaone. Sindikhulupirira zimenezo. Komabe ndikuuze zoona, kalendala ndaitembenuzira kukhoma. Zimene munthu anayamwa sizituluka ndi sukulu.

Ndaika mtedza wosenda ndi maapozi ouma. Ngati sakuloledwa kudya, udye ndiwe.

Trifan

Padova, 13 Disembala

Atate,

Moni. Ndi mtsikana. Anabadwa pa 6, Lamlungu lapitali, masabata 33 atatsala tsiku limodzi. Muwauze azakhali kuti ndi mwezi wachisanu ndi chitatu, awerenge okha.

Nsupa yong'ambikayo inagwira masiku makumi awiri ndi anayi chilowereni m'chipatala. Loweruka thupi linatentha, ndinayamba kunjenjemera mano kugundana, ndipo ndinadziwa chimene chinali chifukwa munali mutandiuza. M'mawa mwake anandichita opaleshoni. Ine kutentha kwatsika, ndikuyenda pogwira khoma.

Iye akulemera kilogalamu imodzi ndi magalamu 800. Ali m'kabokosi kagalasi, ali ndi kapaipi m'mphuno, ndipo tizilombo tinamufikako. Akumupatsa mankhwala kudzera pa kadzanja kochepa ngati chala chanu chachikulu. Dokotala wa ana akuti masiku makumi awiri ndi anayi aja ndiwo akumupumitsa, akanabadwa tsiku limene ndinafika bwenzi tikunena zina. Koma salonjeza. Ndikamufunsa amati, "Lero ali bwino." Za mawa sayankha.

Ndakukwiyirani, Atate. Sindikudziwa kuti zidzatha liti. Ndikagona ndimamva mawu anu akukuwa m'foni muja, ndipo sindidziwa ngati ndikuthokozeni kapena ndikutukwaneni. Ndadzikwiyiranso ndekha. Timibulu tisanu tija ndimatiwerenga tsiku lililonse.

Ndikakhala pafupi ndi kabokosiko ndimaganiza za amayi. Masiku asanu ndi anayi ndi ambiri. Anandiona? Anandigwira? Ananena chiyani? Musandiuze za vinyo.

Sanda

Plopeni, 17 Disembala

Sanda mwana wanga,

Moni kwa iwe, kwa Ghenadie, ndi kwa kamtsikanako. Kalata yako ndinaiwerengera m'minibasi mwa Anatol, chifukwa sindikanatha kudikira mpaka kufika kunyumba.

Azakhali ako ndinawapititsira ndekha. Anawerenga ataimirira, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Atamaliza anati, "Sanatulukemo m'kabokosimo." Ndinati ndi zoona. Anakhala pansi pampando wa pafupi ndi mbaula, nayamba kulira mosatulutsa mawu. Akavomera kuti mwana wako wa miyezi isanu ndi itatu akhoza kukhala moyo, ndiye kuti avomeranso za Domnica. Ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, sindikudziwa ngati angathe. Ndinawasonkhezera moto n'kubwerako.

Kukwiya kwako usakufulumize kutha. Ndikuyembekeza.

Tsono zimene wafunsa. Anakuona kawiri. Koyamba namwino anakubweretsa pa zenera la chitseko, chifukwa sankalola kuti ulowe m'chipinda cha wodwala matenda otere. Kachiwiri linali tsiku lachisanu ndi chimodzi, kutentha kutatsikako. Namwino wina wachikulire anaphwanya lamulo, nakuika pachifuwa pake nthawi yokwana kunena Atate Wathu kamodzi. Anakuvundukula mapazi nati, "Mayo, zala za kwa Cebotari! Ndani adzamukwatire ameneyu?" Anaseka mpaka kutsokomola.

Tsiku lachisanu ndi chitatu anandiitana pafupi. Makutu anga anali abwino nthawi imeneyo, ndinamva liwu lililonse. Sanandidzudzule. Ndinkafuna atandidzudzula. Anati, "Akadzakula usadzamuuze kuti ndinafa pobereka iye. Mwana asamakule atasenza maliro a mayi wake. Udzati mtima."

Ndiye bodzalo linayamba ndi iye, chifukwa chokukonda. Koma ine ndinalilandira msanga kwambiri. Iye ankaphimba iwe, ine ndinalowa pansi pa chofunda chomwecho n'kudziphimba ndekha, ndipo ndinakhalamo ngakhale pamene unandifunsa uli ndi mwana m'mimba. Zimenezo Domnica sanandipemphe.

Undilembere kulemera kwa mwanayo Lamlungu lililonse, kaya wakwera kaya watsika. Usandisankhire nkhani zabwino zokha.

Ndipo Mulungu akalola kuti akule, tsiku lina adzakufunsa chifukwa chake anabadwa msanga. Udzamuuze zonse, za nsupa, za timibulu, za agogo ake aakazi. Pofika pa munthu amene anakhala chete, usadzati wina wake. Udzatchule dzina langa.

Atate ako